Mzere Umene Ndinkaudumpha

Ana anga, Dalitso, Yankho ndi iwe Tiyamike, mwandivutitsa kokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga, ati poti ndinapuma ndipo ndikungokangana ndi nkhuku pano pa Ntcheu. Chabwino, ndalemba. Za ubwana wanga musayembekezere, mulibe chachilendo: ndinabadwa, ndinadwala chikuku, ndinachira. Ndiyambira pamene ndinagwira choko. Zambiri za m'mutu uno wa mbiri yanga mukuzidziwa, koma munaziona ndi maso a ana. Tsopano muzimve kwa mwini mlandu.

1994, kufupi ndi Manjawira

Chaka chimene matipate analowa ndi chomwecho chimene boma linalengeza kuti sukulu ya pulaimale ikhala yaulere. Ana anatuluka m'midzi ngati ngumbi mvula itagwa, ena ndevu zitayamba kale kumera, onse kufuna Sitandade 1. Ine nthawi imeneyo ndinali mlimi wa kachewere kumapiri kwathu, setifiketi yanga ya Fomu 2 ikungodyedwa ndi mphemvu m'sutikesi. Bambo anu ndi amene anamva pawailesi kuti akufuna aphunzitsi ogwirizira. Anati, "Anagama, pepala lanu lija litulutseni mphemvu zisanalimalize." Anatiphunzitsa masabata owerengeka chabe, basi n'kutimwaza. Ine ananditumiza pasukulu ina kufupi ndi Manjawira, ndinafika ndi ndowa, mphasa ndi inu awiri, Dalitso ukuyenda patsogolo, Yankho utagwira nsalu yanga.

Ahedi a pamenepo anali a Mlamba, munthu wamfupi amene sankavula tayi ngakhale dzuwa litaswa mtengo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa kuti, "Madamu, uphunzitsiwu mwauphunzira nthawi yaitali bwanji?" Nditawauza anaseka pang'ono. "Ndiye mutenge Sitandade 1. Kumeneko n'kosavuta, n'kungoimba nawo basi." Bodza lalikulu kuposa limeneli sindinalimveponso pa ntchito yanga yonse. Koma ndi mmene zinkakhalira kulikonse: mphunzitsi wosadziwa zambiri ndi amene ankapatsidwa ana osadziwa chilichonse, odziwa ntchito n'kumakhala ku Sitandade 8 kumene kunali mayeso a boma ndi ulemu.

Kalasi yanga inali pansi pa mtengo wa mkuyu. Bolodi linali thabwa lopakidwa makala, lotsamira patsinde. Ana sindinadziwepo kuti anali angati, chifukwa ndikafika pakati powawerenga oyamba aja amakhala atasuntha kale. Choko chikatha tinkalemba ndi chinangwa chouma, makope akasowa ana ankalemba pansi ndi chala. Ndinkaloza pabolodi ndi ndodo, ana n'kumafuula onse pamodzi, "Ba, be, bi, bo, bu!" mpaka mbalame zonse kuthawa mumkuyu. A Mlamba akamadutsa ankagwedeza mutu mokondwa. Mawu awo anali akuti kalasi yofuula ndiye kalasi yophunzira, ndipo ine ndinawakhulupirira.

Mabuku owerenga anali ochepa zedi. Ndiye ndinapeza nzeru imene ndinkainyadira kwambiri. Ndinkagawa ana m'magulu, gulu lililonse buku limodzi. Mwana wochangamuka ndinkamuika kukhala mtsogoleri: ankaima kutsogolo, buku ataligwira pachifuwa, masamba atayang'ana kwa anzake kuti onse aone. Iye ankayambitsa mzere, anzake n'kumatsatira. Oyendera sukulu atabwera anandiyamikira, a Mlamba n'kuuza aphunzitsi ena kuti atengere kwa ine. Ndinayenda ndi njira imeneyi zaka zonse zimene ndinakhala kumeneko, kwinaku ndikuchita maphunziro a uphunzitsi patchuthi mpaka ndinakhala mphunzitsi wokwanira.

Patapita zaka zinayi, ku Sharpevale

Ananditumiza kuchigwa, pasukulu ina kuseri kwa Sharpevale. Munthu wa kumapiri ngati ine, wozolowera kufunda mabulangete awiri, kumeneko ndinaona zakuda. Kutentha kwake nsalu inkamatirira pathupi, udzudzu unkaluma ngati watumidwa. Chabwino chake chinali mpunga, ndi ahedi athu, mayi Kamwendo, munthu wofatsa amene sankakonda mkangano ndi wina aliyense. Anandipatsa Sitandade 1, chaka chotsatira ndinakwera ndi ana omwewo kupita nawo Sitandade 2.

Chaka choyambacho ndi chimene mng'ono wanga Esinala anatisiya. Mwamuna wake anali atatsogola kale. Anadwala nthawi yaitali, ndipo ulendo womaliza umene ndinakamuona kuchipatala anandipatsa pepala lothothola m'kope, lopindidwa kanayi. Esinala sukulu analekera Sitandade 4, ndiye ankalemba zilembo zikuluzikulu, chilichonse pachokha. Anati, "Achemwali, iyi ndi ya Tiyamike. Muzimuwerengera." Maliro atatha, abale atakhala pansi, achimwene athu a Lufeyo, amene ndi mwini mbumba, anagamula kuti mwanayo apite ndi ine. "Alongo ndinu aphunzitsi," anatero. "Kumudzi kuno sukulu ili kutsidya kwa mtsinje, atsikana amalekera panjira. Kwa inu aphunzira." Umu ndi mmene unabwerera m'nyumba mwathu, Tiyamike, uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi, kadiresi kamodzi ndi maso aakulu osalira pagulu.

Kalata ija inali yaifupi. Inkati ukhale mwana womvera, uzipemphera, uzikonda sukulu, ndipo mayi ako akukuona. Ukayamba kusungulumwa unkabwera kudzandikoka nsalu, ine n'kuitulutsa m'sutikesi n'kukuwerengera, mpaka unailoweza yonse. Koma pansi penipeni, dzina la Esinala litatha, panali mzere wina wolembera ine. Umenewo sindinkauwerenga mokweza. Ndikafika pa dzina ndinkapinda pepala.

Dalitso ndi Yankho, inu ndinu mboni za mmene ndinkachitira nanu pa homuweki. Ndinkakukhazikani pakhonde n'kunena kuti amene sanamalize asayandikire mbale. Mukafunsa ndinkati, "Mutu uli nawo, ugwiritse ntchito." Koma kwa Tiyamike ukali wonse unkasungunuka. Ndikangoona nkhope yake yayamba kukwinyika pa kope, ndinkaona Esinala, mtima n'kundipweteka. Ndinkakhala naye pamphasa, ndinkamugwira dzanja polemba. Buku limodzi la kusukulu ndinkabwera nalo kunyumba, n'kumamuwerengera tsamba la mawa, iye n'kumabwereza pambuyo panga. Akakakamira pa liwu, milomo yanga inkayamba yokha kulipanga, iye n'kuliwerenga pakamwa panga. Masiku amene ndinali wotangwanika, iwe Yankho unkamulembera, ndipo ndinkadziwa, koma ndinkayang'ana kumbali. Nyumba yonse tinali pa ntchito imodzi, yoti mwana wamasiye asalire.

Ndipo mutu unali nawo, mwana iwe. Chinthu ukachimva kawiri chinkakhazikika. M'kalasi unkayamba kunena tsamba ndisanamalize kulitchula. Ndinakuika kukhala mtsogoleri wa gulu, buku pachifuwa, masamba kwa anzako, mawu ako akumveka mpaka ku ofesi. Mayeso a kuwerenga m'makalasi ang'onoang'ono tinkayesa ndi buku lomwelo, mwana aliyense kubwera kudzawerenga ndime imene waphunzira kale. Teremu iliyonse unkakhala nambala wani. Anthu ku tchalitchi ankandigwira chanza n'kumati, "Mwana wa mnzako ngwako yemwe, madamu mwaonetsadi." Ine n'kumadzimva.

Teremu yachitatu ya Sitandade 2

Pakati pa teremu yomaliza kunabwera makatoni a mabuku atsopano, osiyana ndi akale aja. Ndinatengako limodzi kunyumba monga mwa chizolowezi. Tsiku limenelo linali Loweruka masana, ndinali ndi thovu m'manja ndikuchapa, ndiye m'malo mokuwerengera kaye ndinangoti, "Tiyamike, tatsekula tsamba loyamba undiwerengere." Unatsekula. Panali chithunzi cha mbuzi. Buku lakale nalonso linali ndi nkhani ya mbuzi yodya chimanga m'munda. Unayang'ana chithunzicho, unakweza mutu, n'kuyamba kunena nkhani ya m'buku lakale, mokweza, mosaphonya ngakhale liwu limodzi. Ndinasuzumira patsambalo. Linkanena za mbuzi yothawa pamsika.

Ndinapukuta manja. Ndinatola kamtengo n'kulemba pansi "bo". Unayang'ana, n'kuyamba kunong'ona, "Ba, be, bi," kufuna kulipeza pa mndandanda wake, koma sunadziwe poimira. Ndinalemba dzina lako, unalidziwa, chifukwa linali ngati nkhope ya munthu wodziwana naye. Kenaka ndinalemba "mayi". Unaliyang'ana nthawi yaitali. Kenaka unasiya kuyang'ana pansi n'kuyamba kuyang'ana milomo yanga, kudikira kuti igwedezeke. Zaka ziwiri mwana anagwira buku lotembenukira kwa anzake, osaona chilembo ngakhale chimodzi, ndipo amene anamupatsa bukulo ndi kumuombera m'manja ndinali ine. Usiku wake sindinadye. Ndinaganizanso za atsogoleri a magulu onse amene ndinawasiya ku Manjawira, ndipo mpaka lero ndimawaganiza.

M'kalasi mwanga munali mtsikana wina, Felesiya, wosalankhulalankhula, amene buku latsopanolo analiwerenga tsiku loyamba lomwelo, pang'onopang'ono koma molondola. Mayi ake, Anambewe, ankagulitsa mpunga pamsika. Ndinapita kukagula mpunga umene sindinkaufuna, n'cholinga chongofunsa. "Anambewe, kodi mwana wanuyu amamuthandiza ndani kunyumba?" Anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Kumuthandiza? Madamu, inetu pasukulu ndimangodutsa panja. Ndimangoti khala apo undiwerengere, ine ndikupeta mpunga. Akakakamira amandiyang'ana, inenso ndimamuyang'ana. Akaona kuti kunoku kulibe thandizo amabwerera kubuku kwake, amalimbana nalo mpaka litatuluka. Likatuluka ndimafunsa kuti ndiye mbuziyo anaigwira? Basi." Ndinabwerera ndi mpunga wanga pamutu, manyazi ali thoo. Mayi wosadziwa "a" anali mphunzitsi woposa ine wa setifiketi, chifukwa iye analibe yankho loti abere nalo mwana wake.

Mayeso omaliza anayesedwa ndi buku lakale, poti latsopano tinali tisanafike nalo patali. Unakhalanso nambala wani. Ndinatenga ndandanda wa okhoza kupita nawo ku ofesi, n'kuwauza mayi Kamwendo kuti dzina la pamwambalo lichoke, mwanayo abwereze. Anavula magalasi. "Madamu, mwayamba misala? Papepala wakhoza. Komanso ndi mwana wamasiye, ali m'manja mwanu. Anthu adzati chiyani? Mulekeni akwere, kuwerengako adzakudziwa kutsogolo." Ndinawayankha kuti, "Kutsogolo kwake kuti, mayi? Ku Sitandade 3 kuli mphunzitsi amene adzabwerere ku ba, be, bi? Adzaloweza mpaka mutu utadzaza, kenaka adzagwa, ndipo adzagwa ali wamkulu, wa manyazi. Tonse tikudziwa kumene atsikana otero amathera." Pomaliza anati, "Nkhaniyi ndi ya m'banja mwanu. Ine ndisayina, koma mlandu wake musenza nokha."

Ndinakuuza tsiku loti mawa lake titsekera. Sunalire. Unangofunsa funso limodzi: "Akanakhala Yankho mukanatero?" Sindinakuyankhe, chifukwa yankho loona linali lochititsa manyazi: akanakhala Yankho ndikanazindikira kalekale, chifukwa iye sindinamugwirepo dzanja. Tsiku lotsekera makolo anadzaza pabwalo monga mwa mwambo, zotsatira zikuitanidwa kalasi ndi kalasi, wokhoza aliyense akuomberedwa m'manja, amayi akululutira ana awo. Atafika pa Sitandade 2, nambala wani anaitana Felesiya. Anthu anatembenuka kuyang'ana iwe, kenaka kuyang'ana ine. Maina onse anatha. Unakhala pomwepo pamzere, manja pamaondo, osasuntha mpaka bwalo lonse litabalalika.

Chaka chotsatira, teremu yoyamba

Mphekesera zinayenda msanga kuposa matola. Pachitsime ankati madamu atopa naye mwana wa mng'ono wawo, akufuna akhale wantchito wa m'nyumba. Ena ankati ndikuchita nsanje poti ankaposa ana anga. Amayi amene ankandigwira chanza ku tchalitchi anayamba kusuntha ndikakhala pafupi. Nkhani inakwera phiri n'kukafika kumudzi, ndipo teremu itangoyamba achimwene a Lufeyo anatulukira pakhomo, nkhope ili gwa. Anakana ndi madzi omwe. "Alongo, ndinakupatsani mwana kuti apite patsogolo, osati kumbuyo. Mwana wokhala nambala wani abwereza bwanji? Esinala kumandako akuti chiyani?" Ndinayesa kufotokoza za buku lotembenuka, koma kwa iwo zinali nthano za aphunzitsi. Bambo anu ndi amene anawapepesa mpaka anafewa pang'ono. Ponyamuka anati, "Ndibweranso pa Pasaka. Mwanayu akadzati akufuna kwawo, ndidzamutenga. Mbumba ndi yanga." Ndinadziwa kuti mphamvu imeneyo anali nayo, ndipo ndinadziwanso za mtsinje uja ndi atsikana olekera panjira. Ndinali ndi miyezi itatu.

M'kalasi ndinathetsa za utsogoleri wogwira buku pachifuwa. Buku linkaikidwa pansi, ana onse mbali imodzi, aliyense kuloza ndi chala. Ndinadula makatoni a sopo n'kulembapo maphatikizo, limodzi pa kachidutswa kake, n'kumawasokoneza kuti pasakhale kuimba pamndandanda. Kalasi yanga inasiya kufuula, moti mayi Kamwendo anabwera kawiri kudzaona ngati ndinalimo. Kunyumba ndinatengera Anambewe. Masana aliwonse ndinkakukhazika pakhonde ndi buku, ine potero ndi lichero la mpunga, ndikutola timiyala. Yankho ndinamuopseza kuti akangokhudza kope lako aona chimene chinameta nkhanga mpala. Koma mdani wamkulu anali milomo yanga yomwe. Inkagwedezeka yokha. Mapeto ake ndinayamba kuluma kamtengo ka machesi nthawi yonse imene unkawerenga, ndipo bambo anu ankandiseka kuti ndayamba fodya ku ukulu.

Sizinali zoseketsa. Unkakakamira pa liwu limodzi mphindi zambirimbiri, misozi ikugwera patsamba. "Ndiuzeni chabe kamodzi," unkatero. Ine ndinkati, "Ndili ndi mpunga. Yamba ndi chilembo choyamba, chikuti chiyani?" Basi, osaonjezera. Kangapo ndinadzuka kupita kuseri kwa bafa kukalira, n'kubwerera ngati ndinakataya mankhusu. Unasiya kundikoka nsalu. Unasiya kufunsa za kalata ya mayi ako. Ndipo chimene chinandilasa kwambiri, unasiya kundiitana kuti amayi. M'nyumba mwanga momwe unkati, "Aphunzitsi, madzi afunda." Ndinkaona kuti maphatikizo ayamba kugwirana, mawu aafupi unayamba kuwatulutsa wekha, koma unkawatulutsa ndi mkwiyo, ngati munthu wolima munda wa chibalo. Ndinayamba kuopa kuti kuwerenga udziwa, koma ine ndikutaya.

Pasaka

Achimwene anafika Loweruka m'mawa, atavala jekete lawo la ku tchalitchi. Anakhala pampando pakhonde, ine pamphasa. Ndinatulutsa buku latsopano kuti uwawerengere, koma anakweza dzanja. "Za mabuku anuzo ayi, alongo. Munanena nokha kuti amangoloweza. Ndidziwa bwanji kuti izinso simunamuloweze? Ine ndabwera ndi funso limodzi." Anakuitana. "Tiyamike, ukufuna kukhala kuno kapena tipite kumudzi?" Sunandiyang'ane. Unati, "Kumudzi, amalume."

Unalowa m'nyumba, ndinamva ukusonkhanitsa tinthu tako, unatuluka utamanga kamtolo m'chitenje. Unaima patsogolo panga n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mundipatse kalata ya amayi anga." Inali yako, ndikanakana bwanji? Ndinakaitenga m'sutikesi n'kukupatsa. Aka kanali koyamba kuigwira ndi manja ako, chifukwa kale lonse ndinkaigwira ndine, iwe n'kumangomvera.

Ndinkayesa uingoika m'kamtolo. Koma unakhala pansi pamphepete pa khonde n'kuifunyulula, ngati munthu woona ngati katundu wake ndi wokwanira. Unaika chala pa mzere woyamba, monga tinkachitira masana onse aja, n'kuyamba kuwerenga motsitsa. Achimwene anandiyang'ana n'kunong'ona kuti, "Imeneyo ndiye anailoweza kalekale." Zinali zoona. Mawu ankatuluka mosavuta, chala chikungotsatira. Unafika pa dzina la mayi ako, pamene ine ndinkapindira pepala. Mawu ako anaima. Chala sichinaime, chinatsikira m'munsi.

"Pali zina," unatero.

Unayamba, phatikizo ndi phatikizo. "A-che-mwa-li. Mwa-na-yu. Mu-sa-mu-le-re. Nga-ti." Apo unakakamira. Liwu lotsatira linkayamba ndi zilembo ziwiri zogundana, zimene zinkakuvuta masiku onse. Unayesa, unabwerera, unayesanso. Achimwene, amene kuwerenga amadziwa, anawerama kuti akuuze. Ndinawagwira mkono wa jekete, chinthu chimene sindinachitepo chibadwire. "Musiyeni," ndinatero. Unakweza maso kuyang'ana milomo yanga. Machesi ndinalibe, ndinangoiluma milomoyo mpaka ndinamva magazi. Unabwerera kupepala.

"Mle-ndo. Ngati mlendo." Unapuma, n'kupitiriza mpaka kumapeto, kenaka unaubwereza wonse bwinobwino: "Achemwali, mwanayu musamulere ngati mlendo. Mumulere ngati wanu, ndi ukali wanu womwewo."

Unandiyang'ana. "Achemwali ndi ndani?"

"Ndine."

"Nanga bwanji apa simunkawerengapo?"

Ndikanatha kunena kuti poti sanalembere iwe. Koma mwana amene wangodziwerengera yekha sungamunamizenso. Ndinati, "Ndinkachita manyazi, mwana wanga. Mayi ako anandipempha chinthu chimodzi, ndipo zaka ziwiri sindinachichite."

Achimwene anapempha pepalalo. Analiwerenga okha, milomo ikugwedezeka, kawiri konse. Anatulutsa kansalu m'thumba n'kupukuta kumaso ngati akupukuta thukuta. Kenaka anakubwezera kalata n'kunena kuti, "Mwini mwana analankhula kale. Ine ndiwonjezerepo chiyani?" Anatembenukira kwa iwe. "Nanga ukuti bwanji, tizipita?" Unapinda kalata kanayi, unanyamula kamtolo kako n'kulowa nako m'nyumba. Tsiku limenelo achimwene analandira madzi, anadya, ndipo anabwerera okha.

Sindinganame kuti zonse zinatha pomwepo. Lamulungu lonse sunandilankhule. Koma Lolemba masana, ndikupuma pakhonde, ndinaona lichero laikidwa pamiyendo panga, mpunga ulimo kale. Unakhala potero ndi buku lako n'kunena osandiyang'ana kuti, "Amayi, machesi ali pawindo."

Zaka zotsatira, mpaka kupuma

Ku Sharpevale ndinakhalako zaka zina zingapo, kenaka anandisamutsira pasukulu ina pafupi ndi Boma, kumene ndinapumira. Kangapo anafuna kundikweza kupita ku makalasi a akuluakulu, ndinakana, ndinafera ku Sitandade 1 ndi 2. Mabuku anasintha, njira zophunzitsira zinasintha kangapo, alangizi ankabwera ndi maina atsopano a zinthu zimene Anambewe ankazidziwa kale. Pa msonkhano uliwonse wa makolo ndinkanena zomwezomwezo mpaka anandipatsa dzina loti Analichero. Ndinkati mwana akamalemba homuweki khalani pafupi, koma manja anu akhale ndi ntchito ina. Amene simudziwa kuwerenga musadandaule, muuzeni akuwerengereni, ndinu amene muli pabwino. Oopsa ndi ife odziwa, chifukwa yankho limatiyabwa pakamwa.

Tiyamike, mwezi wathawu unandiimbira foni kudandaula kuti mwana wako akulira ndi homuweki ndipo mtima sukukupatsa kumuyang'ana, mwina ungomulembera kuti agone. Sindinakuyankhe bwino tsiku lija, ndinangoti netiweki ikuvuta. Yankho langa ndi mutu wonsewu. Lichero ulipeza pamsika uliwonse, machesi uli nawo.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinakuuzepo pamaso, poti ife amayi a kale kupepesa mwana kumativuta kukhosi. Anthu ambiri, mwinanso iwe, akhala akudikira kuti tsiku lina ndidzapepese chifukwa cha chaka chimene ndinakubwerezetsa. Chimenecho sindipepesa. Ndikupepesa zaka ziwiri zija zimene ndinakugwira dzanja.